Maso a Amayi Kumunsi kwa Chulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinagwa kwambiri kuposa zaka zina zonse za moyo wanga. Sindikuphiphiritsa ayi. Ndikunena kugwa kwenikweni, kwa chiuno, kwa msana, nthawi zina kwa nkhope, Loweruka lililonse, paphiri lina kunja kwa Leeds kumene ana ankaphunzira kutsetsereka pa masikii.

Ndikamafotokozera abale akumudzi, iwo amaganiza za chipale chofewa chija chimagwa nthawi yozizira. Chipale kunalibe. Phirilo analiyala chinthu choyera chonga mkeka waukulu, cha timinga tapulasitiki ngati ta mswachi, ndipo timipopi tobisika tinkawaza madzi kuti pazitererapo. Masikii ndi matabwa awiri aatali, opyapyala, amene umawamangirira ku nsapato zolimba zofika m'miyendo. Akuti ukagwa pachipale umadzuka ukuseka. Ukagwa pamkeka uja umadzuka utasupuka, ndipo chala chikalowa m'mipata yake, mkekawo suchibweza msanga.

Tinabwera ku Leeds kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ine ndi amayi, nthawi imene manesi ambiri akwathu ankabwera kudzagwira ntchito m'zipatala za kuno. Abambo anatsala ku Zomba ndi achimwene anga awiri, kudikira kuti zinthu zilongosoke. Amayi anawaika mu wodi ya othyoka mafupa. Tangoganizani, munthu amene tsiku lonse amaona miyendo yopachikidwa ndi zitsulo zolowetsedwa m'mawondo, mwana mmodzi yekhayo amene anali naye pafupi nkusankha masewera odumpha m'malere.

Anatitengera kuphiriko ndi asukulu, pa nthawi ya masewera olimbitsa thupi. Mphunzitsi wa kumeneko, a Neil, bambo wamtali wa ndevu zaimvi ndi mphuno yopindika imene ankati inathyokera paphiri lomwelo, anaona kuti liwiro sindikuliopa, nandiitana ku gulu lawo la Loweruka. Zida ankabwereketsa. Amayi analola monyinyirika. Anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Ankadikira kuti kuzizira kundibweze. Koma mbuzi inali italawa zamchere.

Chakumbali kwa phirilo kunali chodumphira, chotumbika ngati chulu chodulidwa pakati, moti ine ndinkangochitcha chulu. Umatsika ndi liwiro, chulucho nkukuponya m'mwamba, iwe nkukatera pamtsetse wa kuseri kwake. Kudumpha mowongoka ndinaphunzira msanga. Kutembenuka theka nkutera chafutambuyo nakonso sikunandivute. Chimene chinandigwira njakata ndi kuzungulira kwathunthu m'malere, nkuteranso ukuyang'ana kumene umapita, chimene anzanga ankachitcha firii-sikisite.

A Neil ankaphunzitsa moleza mtima, mobwerezabwereza ngati katekisimu. Liwiro likhale lomwelo nthawi zonse, osachepetsa ukaona chulu chayandikira. Mawondo akhale ofewa, misongolo itsamire kutsogolo kwa nsapato, manja patsogolo ngati wanyamula beseni. Usayambe kupotoka usanachoke pansi, chifukwa m'mphepete mwa sikii mukola mlomo wa chulu. Unyamuke ndi miyendo yonse iwiri. Ukakhala m'malere mutu uyambe ndiwo kutembenuka, chibwano chili chowongoka pamwamba pa phewa, maso akusakasaka potera. Ukapaona utambasule manja kuti kuzungulira kuleke, utere ndi mapazi onse, mawondo alandire thupi.

"Thupi limatsata maso," ankatero m'Chingerezi chawo cha kuno ku Yorkshire chomeza mawu. "Ukayang'ana pansi, ukugwa pompo."

Pabwalo, nditavala nsapato wamba, ndinkazungulira bwino kuposa anzanga onse. Koma ndikangochoka pamlomo wa chulu, mantha akangondigwira, mutu unkazyolika wokha. Ndinkaona nsonga za masikii anga, potera osapaona. Mutu ukagwa phewa limagwa nawo, thupi lonse nkupendekeka ngati nguli imene yatsala pang'ono kuima. Ndinkatera chammbali, kapena mapazi ali patsogolo thupi lili m'mbuyo, nkukhala pansi mwamphamvu mpaka mano kuombana.

Tsono kuzyolika kumeneku sindinakutole panjira. Ndinaleredwa nako. Kwathu mwana akamayankhula ndi wamkulu, maso ake amakhala pansi. Kumuyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi mwano, ndiye kuti ukulimbana naye. Amayi pankhani imeneyi sankanyengerera. Ndili wamng'ono, ndikangokweza maso akundidzudzula, ankasiya kaye mlandu womwe unalipo nkufunsa kuti, "Ukunditong'olera maso ine? Ndine mnzako?" Ndinafika podziwa masilipasi awo kuposa nkhope yawo. Ndikanatha kukuuzani ngati akwiya pang'ono kapena kwambiri pongoona zala zawo za kumapazi.

Kusukulu za kuno zinali zotembenuka. Aphunzitsi ankati mwana wosayang'ana kumaso ndi wabodza, kapena sakumvera. Ndinaphunzira kukweza maso m'kalasi, nkuwatsitsa ndikafika pakhomo, ngati mmene timavulira nsapato polowa m'nyumba. Zinthu zikakhala bwinobwino ndinkakwanitsa. Koma ndikachita mantha kapena manyazi, thupi linkabwerera ku zakwawo osandifunsa. A Neil akabwera kudzandidzutsa nditagwa, ndinkavomera zonse ndikuyang'ana nsapato zawo, iwo nkumayesa ndakwiya kapena ndikubisa misozi. Sindinkadziwa kuti ndiwafotokozere bwanji kuti ndikuwalemekeza.

Loweruka lina nyengo yozizira itangoyamba ndinagwa moipa. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chinakodwa mumkeka thupi likupitabe. A Neil anaikapo ayezi, nkunena kuti amayi akachione. Ndinafika kunyumba masana iwo atangodzuka, popeza sabata imeneyo anali pa shifiti ya usiku. Ndinaganiza zowauza atamwa kaye tiyi, mtima utakhala pansi. Koma wamkulu umamupatsira ndi manja awiri, ndipo dzanja lamanja linakana kugwira kapu. Tiyi anatayikira pakapeti.

Za kapeti sanafunse. Anandigwira dzanja, nkulitembenuza ndi zala zawo zozizira za unesi, kukanikiza apa, kukanikiza apo. Chala chinali chitatupa ngati mbatata.

"Pinda," anatero. Ndinapinda, misozi italengeza.

"Sichinathyoke. Lero sichinathyoke." Anakhala pampando. "Mada, kuwodi kuli mnyamata wa msinkhu wako. Anagwa panjinga basi, njinga wamba. Amayi ake amabwera kudzamudyetsa ndi supuni. Iwe ukufuna ndidzaimbe foni ku Zomba ndiwauze chiyani abambo ako? Kuti mwana munandipatsa uja ndinamusiya azidumpha chulu cha azungu?"

"Amayi, ndatsala pang'ono kukhoza."

"Aliyense wagona kuwodi kuja anali atatsala pang'ono."

Ndinkayang'ana banga la tiyi likufalikira pakapeti. Kenaka anapereka chigamulo, ndipo amayi chigamulo sankachinena kawiri. Chala chikapola adzapita nane kuphiriko, akadzionere okha kuzungulira ndikunenako. Ndikadzatera chiriri, ndidzapitiriza. Ndikadzagwa iwo alipo, tidzabweza nsapato za eni ake, nkhani nkuthera pomwepo.

Ndinene chimene phiri lija linali kwa ine, mungaganize kuti ndinkalirira chidole. Kusukulu ndinali mtsikana wa katchulidwe kachilendo, amene dzina lake lakuti Madalitso aphunzitsi ankalidula mmene afunira. Kumapemphero a Amalawi ndinali mwana wa anesi, wotsuka makapu kukhitchini akuluakulu akucheza. Kunyumba ndinkayenda monyang'ama kuti amayi agone. Paphiri paja pokha ndi pamene ndinkathamanga, kukuwa ndi kuseka mokweza popanda wondiletsa. Ndinkaopa kwambiri kupataya, ndipo ndinkadziwa kuti mantha omwewo ndi amene adzandizyolitse.

Masabata odikira kuti chala chipole ndinathera m'kanjira ka kuseri kwa nyumba zathu, pakati pa mabini a zinyalala ndi makoma a njerwa zofiira. Ndikaweruka kusukulu, kusanade, ndinkadumpha nkuzungulira, kudumpha nkuzungulira, mpaka chizungulire kundigwira. Ndinasankha chitseko chobiriwira cha aneba kuti ndizichipeza ndi maso ndikatembenuka, ndipo ndinkachipeza nthawi zonse. Gogo wina wachizungu ankandisuzumira pawindo, mwina ankayesa ndi gule wa kwathu. Koma m'kanjiramo munalibe choopa, ndiye zonsezo sizinkanditonthoza. Vuto langa silinali m'miyendo.

Tsiku linafika, Loweruka la mitambo yolendewera, kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Amayi anachokera kuntchito m'mawa womwewo. Sanagone. Anangovula yunifomu, nkuvala chijekete chakuda ndi duku lawo lofiira limene ankavala popita ku zinkhoswe. Tinakwera sitima, kenaka basi yokwera chitunda. Njira yonse ndinkangoona manja awo atapingasa pachikwama, khungu litauma ndi sopo wa kuchipatala.

Ataliona phirilo anaima. Sindikudziwa chimene ankayembekeza, mwina katsetsereko ka pabwalo la ana a mkaka. Anatsata mkeka woyera uja ndi maso mpaka pamwamba, nkuona chulu, ndipo nthawi yomweyo mnyamata wina anauluka pamenepo masikii atapingasa. Amayi anatembenukira kumbali dzanja lili kumaso. Aliyense akamadumpha ankachita chimodzimodzi. Masikii akamatsika pamkeka amalira ngati tsache lalikulu likusesa pabwalo. Phokosolo likangoduka, podziwa kuti munthu ali m'malere, iwo ankatsinzina mpaka amve kuti watera. Anaima pafupi ndi kanyumba kobwerekera nsapato, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Ndinayamba ndi kudumpha kowongoka, kangapo, kuti miyendo itenthe. Ndinatera bwino. Koma pangano silinali limenelo, ndipo tonse awiri tinkadziwa. A Neil za pangano sankadziwa kanthu. Anangondikodola kuti nthawi yoyesa yakwana.

Kuchokera pamwamba tauni yonse inkaoneka, madenga akuda ndi machumuni a mafakitale akale. Mphepo inkalowa m'chipewa changa cholimba nkumalira m'makutu. Ndinabwereza katekisimu wa a Neil chamumtima, mawondo, manja, miyendo yonse iwiri, mutu. Ndinadzikankha.

Liwiro linali labwino. Ndinanyamuka ndi miyendo yonse. Mutu unayamba kutembenuka monga mmene unkachitira kuseri kwa nyumba. Pomwepo ndinakumbukira kuti amayi alipo, kuti ndi lero lokha, ndipo nditazindikira ndinali ndikuona nsonga za masikii. Ndinagwera chiuno chakumanzere. Sikii imodzi inachoka nkutsetsereka yokha mpaka kumpanda. Ndinagona chagada, timipopi tikundiwaza madzi kumaso. Palibe chinathyoka. Ndinalakalaka chikanathyoka china chake, kuti ndikhale ndi cholirira pamaso pa anthu.

Ndinatsika motsimphina, sikii yotsalayo ili m'manja. Amayi anandichingamira kumunsi. Anandipapasa chiuno, mkono, chala chija, mwachangu ngati ali pantchito.

"Kavule nsapatozo," anatero motsitsa mawu. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

A Neil anafika atanyamula sikii ina ija. Anayamba kundifotokozera pamene ndalakwitsa, ine maso ali pansapato zawo. Anawerama kuti andipeze kumaso, ine nkuzyolika kwambiri. Anadzuka, nkupukusa mutu, nkutembenukira kwa amayi.

"Mayi, mwana wanuyu ali nazo zonse," anatero. "Miyendo ali nayo, liwiro saliopa. Chinthu chimodzi chokha chandikanika. Ndikamuuza kuti akweze maso, amawatsitsa. M'malere amayang'ana mapazi ake, nchifukwa chake amagwa. Ngakhale pano, taonani. Chiyambireni sanandiyang'anepo kumaso, ndipo sindikudziwa chimene ndinamulakwira."

Ndinkaona nsapato za amayi zakuda za kuntchito zitanyowa, zala zili zobisika m'kati, moti sindinathe kudziwa ngati akwiya. A Neil anayamba kukanda ndevu.

"Simunamulakwire," anatero amayi m'Chingerezi chawo chodekha cha kuwodi. "Akukupatsani ulemu." Kenaka anasintha chiyankhulo. "Mada, akunenazi nzoona? Umagwa chifukwa chozyolika?"

"Eya, amayi."

"Ukaweramutsa mutu sungagwe?"

"Kaya, amayi. Umazyolika wokha."

Anapuma mozama. "Nanga masowo amafunika apeze chiyani? Potera pake mpati?"

Ndinawalozera mtsetse wa kuseri kwa chulu, umene unkalunjika ku mpanda wa kumunsi wokutidwa ndi matiresi abuluu oti munthu akalephera kuima asavulale. Anayang'ana kumeneko nthawi yaitali.

"Valanso matabwa akowo. Kamodzi kokha, wamva? Ukagwa tikupita. Ine ndikaima kuseri kwa mpanda uwo. Ukatembenuka undipeze. Usayang'ane duku, undiyang'ane m'maso."

Ndinayesa sindinamve bwino. Ndinakweza maso mpaka pazipi ya jekete lawo, nkukanika kupitirira.

"Amayi…"

"Ndakuuza ndine. Pita ndisanasinthe maganizo."

Chingwe chokokera anthu kumtunda chinkayenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, koma ulendo umenewo chinanyanya. Chiuno chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake. Magolovesi anali atanyowa, zala zitachita dzanzi. Ndinkaopa kugwa, inde, koma tsopano panali china chimene ndinkachiopa kuposa pamenepo. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawayang'anepo amayi m'maso mwadala, ndipo sindinkadziwa chimene ndikapezemo.

Nditafika pamwamba ndinaona a Neil akuimitsa ana ena kuti njira ikhale yanga. Kaya anamva chiyani pa Chichewa chathu chija, koma anazindikira kuti pali nkhani. Kumunsi kwenikweni, kupitirira chulu, kuseri kwa matiresi abuluu, kunali kadontho kofiira. Ndinaima nthawi yaitali mpaka mtsikana wa pambuyo panga anakhosomola. Ndinaganiza zotsika mowongoka, osazungulira, kuti ndisagwenso pamaso pawo, koma kumeneko kukanakhala kubweza nsapato ndi manja anga omwe.

Ndinadzikankha. Tsache linayamba kulira pansi pa mapazi. Chulu chinkakula, chinabisa mpanda, chinabisa kadontho kofiira, kutsogolo kunangotsala mlomo wake ndi mitambo. Mtima unati chepetsa liwiro, ndinakana. Mawondo anapindika, ndinakankha ndi miyendo yonse, phokoso nkuduka.

Ndinatembenuzira mutu kumanzere. Ndinaona mpanda wamiyala wa m'mbali mwa phiri, kenaka kumtunda kumene ndinachokera. Pamenepo khosi linayamba kugwa. Ndinalimva likufewa monga mwa masiku onse, chibwano chikufuna chifuwa. Koma amayi anali atandiuza kuti ndiwapeze, ndipo mwana woleredwa mmene ndinaleredwera ine satha kukana mawu a mayi ake. Ndinakakamiza chibwano paphewa. Mitengo ya chingwe inadutsa, denga la kanyumba linadutsa, kenaka kufiira kuja kunatulukira pakona ya diso. Pansi pa kufiirako panali nkhope itayang'ana kumwamba. Manja onse awiri anali atagwira mpanda, ndipo maso anali otsegula.

Ndinatambasula manja. Mkeka unabwera pansi pa mapazi onse awiri nthawi imodzi, mawondo analandira. Sikunali kutera kokongola ayi, ndisaname. Sikii yakumanja inatererera kumbali, ndinapalasa manja m'mwamba ngati munthu wothawa njuchi, thupi linapendekekera kumanzere nkubwerera. Koma maso sindinawachotse pamene anali, ndipo thupi linatsata. Ndinatsetsereka chiriri mpaka kumpanda, nkuima mowaza madzi pamatiresi.

Tinali pafupi moti ndikanatha kuwakhudza. Kumtunda a Neil ankakuwa, ana ankamenyetsa ndodo zawo zotsetserekera pamkeka, koma zonsezo ndinkazimva ngati zili kutsidya. Maso a amayi anali ofiira chifukwa chosagona. Pansi pa nsidze yakumanzere panali kachipsera kakang'ono kamene sindinkadziwa kuti ali nako, ine mwana wobadwa mwa iwo. Ndipo m'masomo munalibe mkwiyo umene ndinkauyembekeza. Munali mantha. Ndinali ndisanadziwe kuti amayi amaopa.

Anayamba ndi iwo kuyang'ana kumbali. Anamasula zala pampanda chimodzichimodzi, ngati zakakamira.

"Mawondo ako amagwedera," anatero.

"Eya, amayi."

"Basi, zakwana kwa lero. Mtima wangawu si wapulasitiki ngati phiri lakoli."

Za pangano sananene kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Ndinavula nsapato m'kanyumba muja, nkuzipereka kwa mayi wobwereketsa. Mayiyo anafunsa ngati azisunge pambali za Loweruka likubweralo, popeza za saizi yanga zinali zochepa. Amayi anakonza duku lawo, nkutsegula chitseko.

"Zisungeni," anatero. "Abwera."

Mubasi anakhala nthawi akuyang'ana pawindo, mvula ikutsetsereka pagalasi. Titatsika chitunda anayamba kuyankhula, osatembenuka. Anati chaka chawo choyamba kuwodi, mkulu wa manesi anawaitanira mu ofesi. Dokotala wina anali atadandaula kuti nesi wa ku Africa uja akamapereka lipoti la odwala amayang'ana pansi, ngati sakudziwa zimene akunena kapena akubisa kanthu. Amayi anali atagwira unesi zaka zambiri kwathu, kubereketsa amayi magetsi atazima, kusoka mabala, zonse. Tsiku limenelo anapita kuchimbudzi nkukalira, kenaka anayamba kuphunzira kukweza maso, munthu wamkulu kale.

"Zinanditengera nthawi," anatero. "Ndimaganiza kuti ndi vuto la ine ndekha. Sindimadziwa kuti ndakusenzetsa nawenso mpaka m'malere."

Ndinayandikira pang'ono, phewa langa nkukhudza jekete lawo lonyowa. Analola. Titatsala pang'ono kufika pa siteshoni anandigunyuza ndi chigongono.

"Koma umvetse. Zoyang'anana m'masozi nza kuphiri. Kunyumba ndikadali mayi ako."

Atatero, ndinaona pakona ya mlomo wawo pakugwedera. Ndinatha kuona chifukwa ndinali ndikuwayang'ana.

Sindinakhale katswiri wa masikii. Ndinapitiriza zaka zingapo, ndinagwanso kambirimbiri, ndinaphunzira kuzungulira mbali zonse ziwiri, kenaka mayeso ndi moyo zinanditengera kwina. Amayi kuphiriko sanabwerenso. Loweruka lililonse ndikafika ankangondigwira manja, kuwatembenuza, kuwerenga zala ndi maso, nkundiuza kuti ndikasambe. Mpaka lero ndikamayankhula ndi akuluakulu akwathu maso anga amatsika okha, ndipo sindichita nazo manyazi. Chimene ndinaphunzira nchakuti pali nthawi yake, ndipo m'malere si nthawi yake.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati ya ine, mtsikana amene anakweza maso nkutera chiriri. Ndinayamba kuiona mwina nditabereka. Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo amandiyang'ana m'maso popanda kuphethira ngakhale ndikumukalipira, agogo ake nkumangoseka. Tsiku lina ndinamupeza ali pamwamba penipeni pa zitsulo zokwerapo ana kupaki, atatambasula manja kuti adumphe. Dzanja langa linathamangira lokha kumaso. Pamenepo ndinakumbukira mayi uja amene ankatsinzina ana a eni ake akamadumpha, amene usiku wonse anali atasamalira mnyamata wodyetsedwa ndi supuni, ataima pamzere weniweni pamene mwana wake akanagwera, manja onse ali pampanda. Tsiku lija woyesedwa sindinali ine ndekha, ndipo mayeso awo anali aakulu kuposa anga.

Madzulo ake ndinapita kukaona amayi. Anapuma pantchito tsopano, akukhala ndi abambo mbali ina ya Leeds yomweyi. Ndinawafunsa kuti anakwanitsa bwanji kusatsinzina tsiku lija. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, nkupitiriza kusenda anyezi.

"Ndinafuna kutsinzina," anatero. "Koma ukanatembenuka nkupeza ndatseka maso, ukanayang'ana kuti?"